Kodi Amisiri Amachokera Kuti?

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

 Nkhani imene ndakutengerani lero ndi yochokera kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere. Koma ndikhulupirira kuti pamene tizifika pakati pake, kholo lililonse limene lili ndi mwana woti adamaliza Fomu 4 ndipo akungokhala pakhomo, lidzaona kuti nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwake.

M'chaka cha 2008, pamene mabanki akuluakulu a ku America ndi ku Ulaya adamira m'ngongole nagwetsa malonda a maiko ambiri, tsoka lalikulu lidagwera achinyamata, pakuti bwana akafuna kuchepetsa antchito amayambira pa amene adabwera posachedwa, ndipo akafuna kusunga ndalama amatsekera chipata amene sadalowe n'komwe. Pofika 2013, ku Spain ndi ku Greece, mwa achinyamata osafika zaka 25 amene ankafuna ntchito, oposa theka adali kungoyendayenda, ambiri a iwo masatifiketi ali m'sutikesi. Pamene ku Germany, dziko logula ndi kugulitsa ndi ndalama yomweyo ya euro, osowa ntchito a msinkhu umenewo sadafike 8 mwa 100 alionse. Safunsa adadya phula. Poona kusiyana kumeneku kukukula, m'mwezi wa December 2012 akuluakulu a zamaphunziro a maiko asanu ndi limodzi, Spain, Greece, Portugal, Italy, Slovakia ndi Latvia, adasonkhana ku Berlin nasaina pangano lakuti aphunzire njira imene Ajeremani amaphunzitsira ana awo ntchito. Ndipo kuyambira pamenepo alendo ochokera kumaiko a kummawa ndi kumadzulo sadaleke kufika, kudzaona ndi kudzafunsa.

Tsono chimene amakaona n'chotani? Tiyerekeze mnyamata wa zaka 16, kapena mtsikana, amene wamaliza makalasi ake ndipo mtima wake uli pa zamagetsi. Iyeyu sayamba wafuna malo kukoleji ai; amayamba wafuna bwana. Amalemba kalata kukampani, kaya ndi fakitale ya anthu zikwi, kaya ndi kamalo ka mmisiri wa antchito asanu, ndipo akamulola, onse awiri amasaina pangano lotchula ntchito imene adzaphunzire, zaka zimene adzakhale, malipiro ake, ndi masiku ake opuma; ndipo ngati mwanayo sadakwane zaka 18, makolo ake nawonso amaika dzanja lawo papepalapo. Kuyambira pamenepo, kwa zaka ziwiri, zitatu, kapena zitatu ndi theka monga mwa kulemera kwa ntchitoyo, amakhala masiku atatu kapena anayi pa sabata ali pantchito, akugwira zitsulo zenizeni zimene wogula adzalipira, ndipo tsiku limodzi kapena awiri amakhala pasukulu ya boma, kumene amaphunzira masamu a ntchito yakeyo, kuwerenga mapulani, chifukwa chake waya wochepa amatentha, pamodzi ndi chilankhulo ndi malamulo a dziko. Amasunga buku lolembamo zimene waphunzira, limene womuphunzitsa amaliona nasainamo. Amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo kuyambira 2020 lamulo lidaika malire akuti woyamba asalandire zochepera 515 euro, ngakhale ambiri amalandira zoposa apo, malirewo nakwera chaka ndi chaka.

Musaganize kuti izi n'za akalipentala ndi omanga nyumba okha. Ntchito zozindikiridwa ndi boma zimene munthu angaphunzire mwa njira imeneyi n'zoposa 320, ndipo mwa izo muli za m'banki, za m'sitolo, za makompyuta, za m'hotela, ndi za kuthandiza dokotala wa mano. Chaka chilichonse achinyamata pafupifupi 500,000 amasaina mapangano otere.

Koma chimene ine ndimachiyesa mtima wa zonsezi chili kumapeto, pa mayeso. Amene amayesa wophunzirayo si bwana wake yekha, si mphunzitsi wake yekha. Amayesedwa ndi bungwe la amalonda kapena la amisiri la m'dera lakelo, limene kampani iliyonse imakakamizidwa ndi lamulo kukhala membala wake, ndipo pa mpando woyesa pamakhala oimira olemba ntchito, oimira antchito, ndi mphunzitsi. Chifukwa cha ichi, satifiketi imene mnyamata walandira atatumikira mmisiri wa m'kamudzi ka ku Bavaria imalemera chimodzimodzi akaitulutsa ku Hamburg, pakuti bwana wa kumeneko amadziwa zimene munthu wonyamula pepala limenelo amatha kuchita, ndipo amadziwa kuti amene adamuyesa ndi anthu a ntchito yomweyo, amene sangafune kuchititsa manyazi dzina la luso lawo. Amayi amene mukuphika panopa mukudziwa kuti mphika umakhala pa mafuwa atatu: pano fuwa lina ndi bwana, lina ndi sukulu ya boma, lachitatu ndi bungwe la amisiri, ndipo maiko ambiri amene adapita kukaona adabwerera kwawo atanyamula fuwa limodzi lokha, la sukulu, chifukwa ndilo limene boma lingagule ndi ndalama.

Mwambo umenewu sudayambe dzulo. Zaka mazana ambiri zapitazo, m'mizinda ya kumeneko, osula, osoka nsapato, ophika buledi ndi osema miyala adali ndi magulu awo, ndipo mwana ankalowa m'nyumba ya mmisiri, kudya ndi kugona komweko. Akatsiriza zaka zake ankamangira katundu wake m'kansalu nayenda m'maiko kukagwira ntchito kwa amisiri ena, kuti aone m'mene dzanja lina limagwirira, ndipo mpaka lero alipo ena, makamaka okhoma madenga, amene amayenda ulendo umenewo zaka zitatu ndi tsiku limodzi osayandikira kwawo. Mafakitale atabwera, mwambowu udatsala pang'ono kufa, monga udafookera ku Britain. Mmodzi mwa amene adaupatsa moyo watsopano ndi Georg Kerschensteiner, amene adaikidwa kukhala woyang'anira masukulu a mzinda wa Munich mu 1895. Munthu ameneyu ankavutika mtima poona anyamata a anthu osauka, amene ankasiya sukulu ali ndi zaka 13 kapena 14, akukhala opanda wowalangiza kufikira tsiku lowaitana ku usilikali. Ndipo adakonza masukulu opitiriza maphunziro mwakuti mwana wophunzira ukalipentala akhale m'kalasi la akalipentala, wophunzira kuphika buledi m'kalasi la ophika buledi, aliyense aphunzire kuwerenga, masamu ndi udindo wa nzika kudzera m'ntchito imene manja ake akuidziwa kale. Lamulo lalikulu lomanga zonsezi pamodzi lidadza mochedwa, mu 1969, ndipo lidangotsimikiza chinthu chimene chidali chitazika kale mizu.

Wina afunsa kuti: nanga bwana amapindulanji polipira mwana woti m'chaka choyamba amangoononga matabwa? Funso limeneli n'loyenera, ndipo Ajeremani enieniwo amalifunsa, pakuti mwa makampani asanu alionse ndi imodzi yokha, kapena kuchepera apo, imene imaphunzitsa. Amene amaphunzitsa amawerengera chotere: chaka choyamba mwanayo ndi katundu, chaka chachiwiri amayamba kudzilipirira, chaka chachitatu amagwira ntchito yoyandikira ya munthu wamkulu pa malipiro a wophunzira, ndipo akatsiriza, bwanayo amakhala ndi wantchito amene khalidwe lake walipenya zaka zitatu, osati mlendo wobwera ndi kalata. Ngakhale wina achoke kupita kwa mnzake, bwanayo sataya mtima, chifukwa mnzakeyo nayenso akuphunzitsa wina amene tsiku lina adzagogoda pakhomo pake. Makolo athu adachiona kale chimenechi pamene adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Kuti muone kuti zinthu izi n'zolumikizana, imvani chimene chidachitika mu 2004. Kufikira chaka chimenecho, m'ntchito zamanja 94, munthu sankaloledwa kutsegula malo akeake ngati sadapambane mayeso a ummisiri waukulu, amene amayesa luso, kusunga mabuku a ndalama, malamulo, ndi kaphunzitsidwe ka ana. Boma, pofuna kuchepetsa ulova, lidachotsa lamulo limeneli pa ntchito 53, kuti aliyense wofuna ayambe. Pakati pa ntchitozo padali ya oyala matailosi. Malo a oyala matailosi adachuluka kangapo konse m'zaka zochepa, ambiri a iwo a munthu mmodzi ndi ndowa yake. Koma ophunzira ntchitoyo sadachuluke nawo, pakuti munthu wogwira yekha, amene sadaphunzire kuphunzitsa, ndiponso sadziwa ngati chaka chamawa adzakhalapo, sangasaine pangano la zaka zitatu ndi mwana wa eni. Mu 2020 nyumba ya malamulo idabwezera lamulo lija pa ntchito 12, ndipo ya matailosi idali m'gulumo. Anthu a kumeneko amatsutsanabe ngati kubwezako kudali kolondola. Ine chimene ndikutolapo n'chakuti dziko likafuna ophunzira, liyenera kuyamba lasamala owaphunzitsa.

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano tifike pa kusintha kwa ntchito, pakuti pali ena amene amati kuphunzitsa mwana luso limodzi m'masiku ano kuli kumumanga miyendo, popeza ntchito imene ilipo lero mawa idzakhala itapita. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo chigawo cha Ruhr ndi mboni. M'zaka za m'ma 1950 migodi ya malasha ya m'chigawo chimenecho inkalemba anthu pafupifupi 500,000, ndipo mwana wa wokumba malasha ankadziwa kuti adzatsika m'dzenje limene atate ake ankatsikamo. Malasha otsika mtengo a kunja ndi mafuta atabwera, migodi idayamba kutsekedwa umodziumodzi. Mu 1962 kampani ya Opel idatsegula fakitale ya magalimoto ku Bochum, ndipo ambiri ochokera m'migodi adalowa m'menemo. Mu 1965 yunivesite yoyamba ya m'chigawocho idatsegula zitseko zake mumzinda womwewo. Fakitale ya Opel ija nayonso idatsekedwa mu 2014, ndipo mu December 2018 mgodi wotsiriza, wa Prosper-Haniel ku Bottrop, udatulutsa mwala wake womaliza wa malasha, umene anthu a mumgodiwo adaupereka m'manja mwa mtsogoleri wa dziko, a Frank-Walter Steinmeier. M'moyo wa munthu mmodzi, ntchito ziwiri zodyetsa mizinda yathunthu zidapita, ndipo mabanja ambiri adalira. Ena a mizinda imeneyo mpaka lero ali ndi ulova woposa wa zigawo zina.

Yankho la Ajeremani pa vuto limeneli lidali kukuza mpanda wa ntchito iliyonse ndi kuukonzanso nthawi ndi nthawi. Wophunzira saphunzitsidwa makina a bwana wake okha, koma ntchito yonse monga idalembedwera m'malamulo a dziko; ndipo bwana wamng'ono akakhala wopanda makina ena, mwanayo amatumizidwa masabata angapo kumalo ophunzitsira a bungwe la amisiri kuti akawagwire kumeneko. Ntchito ikasintha, olemba ntchito, mabungwe a antchito, ndi akatswiri a boma a ku Bonn amakhala pansi nalembanso zoyenera kuphunzitsidwa, ndipo sadzuka asanagwirizane. Mu 1997 adakhazikitsa ntchito zatsopano za makompyuta. Mu 2003, poona kuti galimoto yasanduka chinthu cha mawaya ndi timakompyuta, adaphatikiza umakaniko ndi zamagetsi a galimoto kukhala ntchito imodzi. Ndipo mu 2013 adaonjezamo gawo la magalimoto oyendera mabatire amphamvu. Munthu wophunzitsidwa chotere, fakitale yake ikatsekedwa, amatuluka ali ndi masamu, ali ndi chizolowezi chophunzira, ndiponso ali ndi pepala limene bwana wina adzalikhulupirira.

Pali chinanso chimene chimachotsa mantha m'mitima ya makolo, ndicho chakuti njira ya ntchito zamanja sithera pakhoma. Kuyambira 2009, munthu wopambana mayeso a ummisiri waukulu ali ndi ufulu wolowa yunivesite monga wina aliyense wochokera kusekondale yapamwamba. A Gerhard Schröder, amene adatsogolera boma la Germany kuyambira 1998 kufikira 2005, adayamba ngati wophunzira ntchito ya m'sitolo, naphunzira sukulu ya madzulo, kenaka zamalamulo. Ku Switzerland, kumene achinyamata awiri mwa atatu alionse amatsata njira yofanana ndi imeneyi, a Sergio Ermotti, mkulu wa banki yaikulu ya UBS, adalowa m'banki ali ndi zaka 15 ngati wophunzira ntchito ku Lugano. Kholo likadziwa kuti khomo lili lotsegula kutsogolo, silichita manyazi kunena kumene mwana wake ali.

Sindifuna kukuuzani zokoma zokha, pakuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. M'zigawo zambiri za Germany ana amagawidwa m'masukulu osiyana ali ndi zaka 10 zokha, ndipo kawirikawiri mwana wa munthu wosauka kapena wa mlendo ndiye amagwera kumunsi. Kugamula tsogolo la mwana pa msinkhu umenewo ine ndikuyesa kulakwa, ndipo sindingafune kuti tikutengere. Oposa 200,000 chaka chilichonse sapeza bwana wowatenga, nakhala m'makalasi odikirira. Mapangano oposa limodzi mwa anayi alionse amatha nthawi isanakwane. Ndipo popeza ana akubadwa ochepa, ambiri a iwo nakonda yunivesite, mu 2023 malo oposa 70,000 a ophunzira ntchito adatsala opanda munthu. N'chifukwa chake mu September 2024 dzikolo lidasaina pangano ndi Kenya lotsegulira njira antchito aluso ndi ofuna kuphunzira ntchito ochokera kumeneko.

Amene adayesa kutengera adapeza zosiyana. Dziko la Britain mu 2017 lidaika msonkho pa makampani akuluakulu kuti ndalamazo ziphunzitse antchito, koma m'chaka chotsatira chiwerengero cha oyamba kuphunzira chidatsika ndi gawo limodzi mwa anayi, ndipo makampani ena adagwiritsa ndalamazo pophunzitsa akuluakulu awo a m'maofesi m'malo mwa ana ongochoka kusukulu. Dziko la Singapore lidadziwa kuti lilibe magulu akale a amisiri, choncho lidatsata njira yakeyake: mu 1992 lidakhazikitsa Institute of Technical Education, nilimanga makoleji ooneka bwino ngati mayunivesite kuti mwana wolowamo asadzione wotayidwa, ndipo kuyambira 2016 nzika iliyonse ya zaka 25 kupita m'tsogolo idapatsidwa madola 500 a dzikolo olipirira maphunziro a luso latsopano, ndipo mu 2024 a zaka 40 kupita m'tsogolo adaonjezeredwa madola 4,000, pozindikira kuti munthu wa imvi zoyamba ndiye amene makina atsopano amayamba kumuchotsa pa mpando.

(Nyimbo pang'ono)

Tibwerere kwathu. Ife sitidayambe kudziwa ummisiri pamene Azungu adafika. Makolo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, nasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo imene inkagulidwa kufikira kuchigwa cha Zambezi; ndipo David Livingstone pokwera mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje ndi kuomba nsalu. Mwana wolowa m'chipala ankayamba ndi kupukusa mvukuto, maso ali pa nyundo ya mkulu, ndipo ankapatsidwa chitsulo chofiira pokhapokha mkuluyo ataona kuti mtima wake wakhazikika. Amishoni atabwera adapeza manja okonzeka. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chidamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu wosaphunzira zomangamanga, chidaumbidwa njerwa ndi kuyalidwa ndi anthu a m'dziko lino, ndipo chikadaima. Mu 1894 Robert Laws adatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe, kumene anyamata ankaphunzira ukalipentala, kusema miyala, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga a lamya, nafunidwa kufikira ku Tanganyika, ku Rhodesia ndi ku Joni. John Chilembwe naye, pokhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe mu 1900, adaika ntchito zamanja pambali pa Mawu a Mulungu ndi kuwerenga.

Nanga kunyoza ntchito zamanja kudachokera kuti? Ena amaimba mlandu makolo athu kuti adakonda tayi ndi cholembera. Ine sindiwaimba mlandu, pakuti iwo ankaona ndi maso awo. Pamene nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zidayendera maiko ano mu 1924, zidalimbikitsa maphunziro oyenerana ndi moyo wa kumudzi, a khasu ndi sowo. Ndipo ngakhale mudali nzeru m'mawu awo, atsamunda ambiri adawamva monga chilolezo choti munthu wakuda asapitirire pamenepo. Sukulu yoyamba ya amishoni idatsegulidwa ku Cape Maclear mu 1875, koma sekondale yoyamba, ya Blantyre, idadikira kufikira 1940. Amene adapita ndi Wenela kumigodi ya ku South Africa adapeza kuti lamulo la kumeneko la 1922 lidaika malire otsekera kunja pafupifupi anthu akuda onse kuti asaphunzire ummisiri wovomerezeka. Munthu ankatha kudziwa makina kuposa Mzungu womuyang'anira, koma dzina lake linali wothandizira kufikira imfa. Tsono poona kuti kalaliki ndiye wolandira bwino, wokhala pamthunzi, wodzalandira penshoni, kholo lanzeru likadasankhiranji mwana wake? Ntchito zamanja zidaperekedwa kwa iwo ngati denga lowaletsa kukwera, ndipo chikumbumtima chimenecho sichichoka ndi kulalikira. Chimachoka pamene mmisiri ayamba kulandira ulemu ndi malipiro ooneka.

Boma lathu silidakhale manja lende. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, ana olembetsa adakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kudali kodziwikiratu kuti maofesi sadzawameza onse. Mu 1999 lamulo lidakhazikitsa bungwe la TEVETA, ndipo olemba ntchito amapereka msonkho wa 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunziro a luso. Tili ndi makoleji a Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira 2015 kudayamba kutsegulidwa makoleji a m'maboma. Zonsezi n'zabwino ndipo ziyenera kuyamikidwa. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti tidali 17.5 miliyoni, theka la ife osafika zaka 18; ndipo ngakhale tikadamanga koleji m'dera la mfumu yaikulu iliyonse, malo sakadakwana, komanso makampani akuluakulu oti alandire ophunzira onse kukayesera ntchito tilibe.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi iwo amene amati tilibe olemba ntchito oti aphunzitse. Alipo, koma sitiwawerenga. Pitani ku Mchesi mukaone akalipentala, ku Biwi mukaone amakaniko, ku Ndirande mukaone okhoma ndowa ndi mbaula, owotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo, matelala a pakhonde la sitolo m'tauni iliyonse ya m'dziko lino. Pambali pa aliyense wa iwo mudzapeza mnyamata mmodzi kapena awiri akupala thabwa ndi randa, akutsuka zitsulo m'petulo, akugwira chitsulo kuti mkulu awotcherere. Kumeneko ndiko amisiri ambiri a dziko lino amachokera, ndipo kwakhala kotero kwa mibadwo. Chimene mnyamata ameneyo alibe ndi chija mnzake wa ku Bavaria ali nacho. Alibe pangano lonena tsiku limene adzatsirize, kotero kuti ena amakhala zaka zisanu akutchedwa sipanala boyi, akumasula mabawuti okhaokha, chifukwa mkuluyo amaopa kuti akamuonetsa za m'kati mwa injini adzamulanda makasitomala. Alibe tsiku la kusukulu loti aphunzire chifukwa chake chinthu chimatero, choncho amadziwa zimene mkulu wake amadziwa, ndi zolakwa zomwe. Ndipo alibe pepala, kotero kuti kontirakitala wamkulu akabwera kudzamanga msewu kapena chipatala, iye amalembedwa ngati waganyu wonyamula matope, pamene ntchito ya luso ipatsidwa kwa wochokera kutali. Tikumbukire kuti ngakhale Solomoni, ndi chuma chake chonse, pomanga kachisi adatumiza mithenga ku Turo kukapempha odula mitengo ndi wosula mkuwa, ndipo adawalipira ndi tirigu ndi mafuta a dziko lake chaka ndi chaka.

Ndipo nthawi sikutidikira, pakuti ntchito zikusintha pakhomo pathu pomwe. Magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, oyendera petulo ndi batire pamodzi, adzaza m'misewu yathu. M'kati mwake muli magetsi amphamvu oti angaphe munthu wogwira waya mosadziwa, ndipo matenda ake sapezeka ndi khutu monga ankachitira amakaniko akale, koma ndi kamakina kolumikiza ku kompyuta ya galimotoyo. Magetsi a dzuwa afika m'midzi ndi m'madimba, koma mpope ukaleka kutulutsa madzi kapena batire likafa msanga chifukwa cholumikiza molakwa, wokonza amasowa m'dera lonse. Njinga zamoto za kabaza ndi mafoni a m'manja zabala ntchito zimene agogo athu sadazilote. Mkulu wa m'galaja amene adaphunzira pa malole akale ndi munthu waluso ndithu, woyenera ulemu wonse; koma sangapatse mwana chimene iye mwini sadachione, ndipo n'chifukwa chake ndikuti gawo lina la msonkho uja wa TEVETA liyenera kupita kwa iyeyo, kuti masabata awiri kapena atatu pa chaka akakhale pakoleji yapafupi, aone zatsopano, aphunzirenso kaphunzitsidwe, ndipo abwerere ndi chizindikiro chopachika pakhomo pake chodziwitsa makolo kuti pano mwana angathe kusiyidwa. Makoleji athu, amene zipinda zawo zimakhala zotseka madzulo ndi Loweruka, angathe kulandira anyamata a m'magalaja tsiku limodzi pa sabata pa mtengo wochepa kuposa kusunga wophunzira mmodzi wogonera komweko. Amisiri eni ake, kudzera m'magulu awo a m'misika, akhale nawo pa mpando woyesa, pakuti iwo ndiwo amadziwa mpando wolumikizidwa bwino ndi wongomatidwa ndi guluu.

Kwa inu amene mudaphunzira kale ntchito pansi pa mtengo ndipo mulibe pepala, dziwani kuti bungwe la TEVETA lili ndi ndondomeko yoyesa munthu pa luso limene adalipeza kunja kwa kalasi ndi kumupatsa satifiketi. Kafunseni ku maofesi awo, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kwa inu makolo amene mukuganiza zopereka mwana kwa mmisiri mwezi uno, musangomusiya pakhomo ndi mawu apakamwa. Pitani ndi mboni, kaya ndi amfumu, kaya ndi mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti, kaya ndi wapampando wa msika. Mukambirane zaka zimene mwanayo adzakhale, ntchito zimene adzaonetsedwe chaka choyamba ndi chachiwiri, ndalama ya sopo ndi ya chakudya chamasana, ndi tsiku limene adzamasulidwe kukayesedwa. Zonsezi zilembedwe m'kope, aliyense asunge lake. Mwanayo mumugulire kope lina loti azilembamo madzulo zimene wagwira tsikulo, ndipo kamodzi pa mwezi muzilitsegula pamaso pa mmisiriyo. Ndipo inu abambo amisiri, mtsikana akabwera kudzapempha malo pa benchi lanu kapena m'galaja mwanu, mumulandire ndi ulemu umene mungafune kuti mwana wanu wamkazi alandiridwe nawo kwa eni.

Nkhani ya atsikanayi ndi yaikulu, yosayenera kuikhudza pothamanga, ndipo ndiyo tidzaitambasule sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, pamodzi ndi makalata anu amene mwatitumizira. 

(Nyimbo yotsekera)